Boti nalo lizidya nawo

Loweruka lapitali pa msonkhano wa kalabu, mnzathu amene amayang'anira boti ndi injini anapatsidwa mpata woyankhula tisanalowe nkhani ya ndalama. Ambiri amene simunabwere mwakhala mukufunsa kuti ananena chiyani, ndiye tamupempha pepala lake, taphatikizapo zimene anawonjezera pakamwa. Nazi. Mukawerenga mutumizirenso anzanu a m'madoko ena.

A Wapampando, a komiti, akuluakulu a padoko amene mwabwera kudzatimvera, achimwene ndi achemwali anga, zikomo pondipatsa mpata.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga, chifukwa ndikapanda kutero ena kumbuyoko mukhala mukunong'onezana mpaka ndimalize. Injini ija inafa chaka chatha ndinaipha ndine. Eya, ndavomera. Masiku atatu athunthu ndinkaona kuti kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo kwa injini, kaja timati injini ikukodza, kakutuluka mofooka. Ndinkangotokosa ndi kawaya, n'kumati zichita bwino. Tsiku lachinayi oyilo anatichepera, ine n'kuthira theka la muyezo m'chigubu cha petulo, ndikuti tikagula mawa. Usiku womwewo, tili kuseri kwa Namalenje, injini inatentha, inalira kamodzi, kenako zii. Amene munalipo mukukumbuka mmene tinapalasira mpaka dzuwa kutituluka tili pamadzi, mwera ukuyamba, usipa ukufewa m'boti. Tinafika padoko manja ali matuza okhaokha, amayi ogula nsomba atagula kale kwa ena.

Makaniko atatsegula anapeza pisitoni itakanirira. Kalabala kamene kamapopa madzi oziziritsa injini, amati impela, kanali katathothoka mapiko. Kalabala kameneko mtengo wake sufika ngakhale pa usipa wa usiku umodzi wabwino. Koma chifukwa cha iko boti linakhala pamchenga masabata asanu ndi awiri. Dzuwa linaliwamba, matabwa anatseguka, ndipo injini itabwera tinapezanso kuti boti likudontha ngati dengu. Tinalipira makaniko, tinalipira mmisiri wa matabwa, tinabweza ngongole ya katapila ndi chiwongoladzanja chake. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Zengerezuyo ndi amene waima patsogolo panuyu.

Ndiye lero ndamva kuti ena mukuti tingogulitsa zonse, maboti awiri, bwato la siginala, chilimira ndi injini, tigawane ndalama, ofuna njinga yamoto ya kabaza akagule. Sindikukunyozani ayi. Mwatopa kuona ndalama ikulowa m'mawa, madzulo yatuluka. Inenso ndatopa. Koma ndisanakweze mkono kuvomereza zogulitsa, ndati ndikuuzeni zimene ndaphunzira chaka chimenechi, chifukwa kuyambira tsiku lija ndakhala ndikukhala pafupi ndi makaniko ndiponso madala a padoko pano, kufunsa ngati mwana. Safunsa anadya phula.

Pali zinthu zimene sitingazisinthe. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chimene boti limafuna, kupatula matabwa, chimachokera kunja: petulo, oyilo, masipeya, ukonde, ulusi, penti, mabatire. Mitengo sinditchula pano chifukwa ndikatchula lero, sabata yamawa mundiyesa wabodza. Zimenezo tilibe nazo mphamvu. Koma nditakhala pansi ndi a msungichuma kuwerenga kope lathu, tinaona kuti ndalama zambiri zimene tinawononga sizinapite ku kukwera kwa mitengo. Zinapita ku zinthu zimene zinayamba zazing'ono, wina anaziona, n'kunena mumtima kuti akonza wina. Vuto la katundu wa gulu ndi limenelo. Aliyense ndi mwini pogawana, koma pokapa madzi mwini palibe.

Ndiyambe ndi injini, poti ndiyo imadya kwambiri.

Injini yathu ndi Yamaha Enduro ya 15, ya thu sitiroko. Ilibe malo ake osungira oyilo ngati galimoto. Oyilo amene timasakaniza ndi petuloyo ndi yekhayo amene amafewetsa zitsulo za mkati. Muyezo wake ndi 50 kwa 1. Kunena kwake, pa malita 20 a petulo tithire oyilo mamililita 400, pa malita 25 tithire theka la lita. Injini ikakhala yatsopano, maola 10 oyamba oyilo amakhala wowirikiza kawiri. Ukachepetsa, zimachitika zija zinandichitikira ine. Ukachulutsa, utsi tolotolo, pulagi imada, injini imavuta kulira, ndipo oyilo wodulayo ukungomuwotcha chabe. Ndadula botolo ndi kulemba mzere pa 400, lili m'bokosi la zida. Zothira ndi maso zija zithe. Komanso oyilo akhale wa injini za pamadzi, pa botolo pamalembedwa TC-W3. Oyilo wa galimoto, kaya wakuda uja wotsala ku galaja, asayandikire injini yathu ngakhale atatipatsa ulele. Pothira, yambani oyilo ndi petulo pang'ono, khutchumulani, kenako dzazani.

Chachiwiri ndi madzi. Injini ikangolira, diso lipite kumbuyo. Ngati sikukodza, zimitsani pomwepo, musati tifike kaye. Nthawi zambiri chimakhala chijumbo kapena udzu watseka timabowo tolowera madzi kumunsi, ndipo ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Chinanso, ndakhala ndikuona anyamata ena akuliza injini ili pamtunda, ati kuyesa ngati ili bwino. Chonde aise. Impela imadalira madzi, ikazungulira pouma imapsa m'kanthawi kochepa zedi. Mukafuna kuyesa, ikani mwendo wa injini mu diramu ya madzi. Ndipo tikamayandikira kumtunda tizizimitsa msanga ndi kuitukula, mamita otsalawo timalize ndi nkhafi. Kukwera pamchenga ndi injini yolira kumaoneka kwaukatswiri pamaso pa atsikana a padoko, koma mchenga umene imayamwa umapala impela, ndipo pulopela imabenthuka.

Chachitatu chinandidabwitsa ine. Kuseri kwa pulopela kuli kalabala kotchinga kuti madzi asalowe m'magiya. Kaulusi ka ukonde kakakulungika pamenepo, kamadula kalabalako mwakachetechete. Madzi amalowa, oyilo wa magiya amasanduka woyera ngati mkaka, magiya n'kuyamba kudyana. Ndiye kamodzi pa sabata tizichotsa pulopela, kuchotsa ulusi, kupaka girisi, kubwezera ndi pini yake. Pini ikathyoka tigule pini, osati kukhomapo msomali. Oyilo wa magiya tizisintha pakatha maola 100 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kukwana. Mukaona watuluka woyera, musangothira wina n'kunyamuka, kalabala kaja kafunika kusintha.

Chachinayi ndi petulo. Tonse tikudziwa mmene amavutira, ndipo nthawi zina timagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu chifukwa palibe kochitira. Koma wa m'zigubu uja amabwera ndi zake: madzi, dothi, mwinanso wasakanizidwa. Tisanathire m'thanki tizimusiya adikhe, madzi amakhala pansi chifukwa ndi olemera. Tizithira modutsa pa kansalu koyera, ndipo wotsalira pansi penipeni tisamuthire. Kasefa ka pa injini tizikatsuka. Kabuleta imene tinaitsegulitsa katatu chaka chatha inalibe matenda ena, inali dothi basi. Ndipo injini ikakhala kuti ikhala masabata osagwira ntchito, chotsani paipi ya petulo ikulira, imalize yokha wotsala mu kabuleta, chifukwa akaumiramo amatseka timabowo.

Pa petulo pomwepo, pali nkhani ya dzanja la woyendetsa. Boti lathu ndi lamatabwa, lolemera, ndipo limanyamula anthu, ukonde wonyowa ndi nsomba. Boti lotere lili ndi liwiro limene silingapitirire. Ukatsegula moto wonse, limangokumba madzi kumbuyo, phokoso kuchuluka, liwiro kungowonjezekera pang'ono, koma petulo akutha ngati watayikira. Bwezani dzanja pang'ono, mumve injini ikuyimba bwino. Mufika mochedwa ndi mphindi zochepa, koma chigubu chikhalitsa. Mpikisano wothamangitsana ndi maboti a anzathu pobwerera uja, amene amalipira ndi thumba la kalabu.

Chomaliza pa injini ndi kanyamulidwe. Tikaichotsa tiziimika chilili pa chimtengo chake. Ngati tikuigoneka, mutu ukhale pamwamba kuposa pulopela, apo ayi madzi otsalira amatsikira mkati mwa injini. Ndipo ikakhala pa boti izimangidwa chingwe chapadera kuwonjezera pa zomangira zake. Tonse tikudziwa anthu amene injini yawo ili pansi pa nyanja lero chifukwa chosowa chingwe cha mamita awiri.

Tsopano boti lenilenilo.

Madala ena padoko pano anandiuza mawu amene sindidzaiwala. Anati boti siliola kunyanja, limaola padoko. Nyanja yathu ilibe mchere. Kwa injini umenewo ndi mwayi, anzathu a ku Beira amalimbana ndi mchere umene umadya zitsulo. Koma kwa matabwa si mwayi, chifukwa thabwa limaola msanga m'madzi opanda mchere. Tikabwerako m'mawa aliyense amathamangira kogulitsa, boti n'kutsala ndi madzi pansi, mamba, matope ndi tinsomba tophwanyika m'makona. Zimenezo zimasunga chinyontho pamalo amene mphepo sifika, ndipo kuola kumayambira pomwepo: pansi pa nthiti za boti, m'makona a kumbuyo, ndi pa thabwa lomangirira injini. Kukapa madzi ndi kutsuka boti ndi ntchito ya anthu awiri, mphindi khumi ndi zisanu, yosalira tambala. Kusintha nthiti yoola ndi ntchito ya mmisiri, masiku atatu, ndi ndalama.

Mdani wina ndi dzuwa. Thabwa likauma kwambiri limakhwinyata, mipata n'kutseguka. N'zimene zinatichitikira masabata asanu ndi awiri aja. Ndiye boti likakhala pamtunda nthawi yaitali likhale pamthunzi, kapena tilifunditse udzu ndi masaka akale, tiliike pa mitengo kuti lisakhudze mchenga ndipo mphepo izidutsa pansi. Polikoka tiziyala mitengo yozungulira. Kulikhwekhwereza pamchenga tsiku ndi tsiku kuli ngati kulipala ndi sandipepa, penti amayamba kutha, kenako thabwa.

Kamodzi pa mwezi munthu atenge mpeni, ayende boti lonse akubaya pang'onopang'ono. Pamene mpeni walowa mosavuta, pamenepo payamba kuola, tisinthe kachigawo kameneko kasanapatsire anzake. Mukaona timizere tofiira tikutsika kuchokera pa msomali, ngati boti likulira misozi, dziwani kuti msomaliwo wachita dzimbiri ndipo ukudya thabwa lozungulira. Misomali wamba ya denga ndi yotchipa pogula, koma m'madzi sikhalitsa. Tizigula yosachita dzimbiri, ya galavanaizi, ndipo pa thabwa lolimba tiziyamba taboola kabowo kuti lisang'aluke.

Pomata mipata, njira ya makolo ija ikadali yabwino: kupota thonje, kulikhomerera mumng'alu, pamwamba phula. Zosungunula mapulasitiki n'kudonthezera zija ndi zopulumukira tsiku limodzi, chifukwa zimauma gwa, boti likagwedezeka zimasweka, madzi n'kumalowa kunsi kwake osaoneka. Pentinso tisamapake pa thabwa lonyowa kapena pa penti wakale wofunduka. Tikatero tangotsekera madzi mkati, ndipo miyezi iwiri sikwana penti wayamba kusupuka. Tipale, tiumitse pamthunzi, tipake mopyapyala kawiri. Chitini chimodzi chopakidwa bwino chimaposa zitatu zopakidwa mothamanga.

Za matabwa, mukudziwa kuti mlombwa ndi mbawa zikusowa ndipo zadula. Mkungudza wa ku Mulanje umene madala ankakhomera maboti ndi wotetezedwa, watsala pang'ono kutheratu. Choncho thabwa labwino limene lili pa boti lathu panopa ndi chuma, sitidzalipezanso pamtengo umene tinagulira. Tikafuna ena tizigula nthawi isanakwane, tiwaumitse pamthunzi miyezi ingapo. Thabwa laliwisi logula tsiku la ngozi limadzakhwinyata lili pa boti kale.

Ndibwere ku chilimira. Apa achemwali athu amene mumayanika ndi kugulitsa mwakhala mukutidandaulira, ndipo mukunena zoona. Ukonde wa nayiloni umatha mphamvu ndi dzuwa. Kuuyanika n'kofunika, koma kuusiya pamchenga wotentha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku ndi tsiku, n'kuuphika. Ukauma tiziupinda n'kuufunditsa. Tizikutumula tinsomba totsalira, chifukwa n'timene timaitana makoswe, ndipo khoswe akalowa mu ukonde wopinda amaboola malo khumi usiku umodzi. Posunga ukhale pa thandala, osati pansi. Bowo la maso atatu ndi ntchito ya munthu mmodzi akucheza. Likalowa m'madzi kawiri limakhala loti mwana n'kudutsamo, ndipo usipa umene unayenera kukhala m'chigoba umatulukira pomwepo. Vuto lathu ndi loti mu kalabu yonseyi odziwa kusoka ukonde ndi atatu okha, ndiye tikalemba aganyu timalipira. Madala ali pansi pa mtengo apo amasoka tsiku lonse, ndipo sanakanepo kuphunzitsa munthu. Ndife amene timachita manyazi kukhala nawo pansi. Zidutswa za ukonde wakale tisamataye, ndi zigamba zimenezo. Ndipo tiulusi todula tisamaponye m'madzi, mwamva kale kumene timakathera.

Nyali ndi mabatire. Chisiyireni nyali za parafini tinapumako, koma batire nalonso lili ndi malamulo ake. Limadana ndi kulikama mpaka mababu afiire, ndipo limadana kwambiri ndi kugona lopanda moto. Likabwera m'mawa lipite pa sola tsiku lomwelo. Madzi ake akatsika tizithira madzi a batire ogula, osati a m'nyanja. Mitu yake tiziipukuta ndi kupaka girisi pang'ono. M'bwato likhale m'kabokosi, pamwamba, losakhudza madzi. Ndipo ndinene mosapsatira: batire la kalabu si lotchajira mafoni a mudzi wonse, kapena lolizira sipika pa chinkhoswe. Chaka chatha tinagula mabatire awiri. Akanasamalidwa, limodzi likanatikwanira.

Pa kagulidwe ndili ndi mawu atatu. Oyamba, chotchipa chimadula. Tinagulapo impela ina pamtengo wosangalatsa kwa munthu wina woyenda ndi chikwama, sinathe mwezi. Pa zinthu za mkati mwa injini tizigula zenizeni, tizipita ndi yakaleyo m'manja kukafananiza, ndipo tizitenga lisiti. Achiwiri, tizigula pamodzi. Padoko pano pali maboti angati a injini ngati yathu? Aliyense amatuma munthu wake ku Salima kapena ku Lilongwe kukagula pulagi imodzi, thiransipoti kuposa mtengo wa katundu. Titagwirizana ndi anzathu, munthu mmodzi n'kupita ndi mndandanda wa tonse, ndipo oyilo wa katoni amatsika mtengo kuposa wa botolo limodzilimodzi. Achitatu, m'bokosi la zida muzikhala zinthu izi nthawi zonse: pulagi ziwiri, sipanala yake, pini, chingwe cholizira injini, pulayala ndi impela imodzi. Chinthu chogula uli pamavuto sunenerera mtengo.

Tsopano mundimvetse bwino, chifukwa wina angatuluke muno n'kumati ndanena kuti tiziumira pa chilichonse. Pali malo amene kuumira n'kudzipha. Majekete oyandamitsa aja si mapilo ogonera, ndipo si katundu woti tigulitse tikasowa ya petulo. Nkhafi zizikhala m'boti ngakhale injini ili bwino chotani, usiku uja zikanakhala kuti tinazisiya, sindikudziwa ngati bwenzi ndikuyankhula pano. Chokapira madzi, nangula ndi chingwe chake, tochi, foni yokulunga m'pulasitiki. A zanyengo akachenjeza za mwera, tisapite. Petulo wowotcha polimbana ndi mafunde ndi wotayika, ndipo moyo wa munthu sitingaulembe m'kope la a msungichuma.

Kwinanso kosayenera kudulira njira ndi ukonde woletsedwa. Ndikudziwa kuti ena amasokerera neti ya udzudzu, ena amagula ukonde wa ulusi umodzi uja chifukwa ndi wotchipa. A zausodzi ndi a BVC akaupeza amalanda, ndiye watchipa pati? Kuwonjezera apo umapha tiana ta nsomba timene tikanadzagwira chaka chamawa. Taonani anzathu a ku Mbenji, amatseka chilumba chawo miyezi ya dzinja chaka ndi chaka, ndipo akatsegula anthu amachokera kutali kukapha nsomba kumeneko. Ife ndife achinyamata, nyanjayi tikhala nayo nthawi yaitali kuposa madalawa. Laisensi tizilipira, malamulo a nthawi yotseka tizitsata.

Mwina mukufunsa kuti ntchito zonsezi tizichita liti, poti timabwera titatopa. Nthawi ilipo, Mulungu anatipatsa kale. Usipa timapha ndi nyali, ndipo mwezi ukawala kwambiri sitipita. Masiku amenewo timathera pa bawo ndi kumavidiyo. Ndikupempha kuti tsiku limodzi mwa amenewo, mwezi uliwonse, likhale tsiku la boti. Tonse, anyamata ndi atsikana. Ena pa injini, ena ndi mpeni pa matabwa, ena pa ukonde. Ntchito zikuluzikulu monga kumata ndi kupenta tiziziika m'miyezi ya mwera, June ndi July, pamene masiku ambiri timakhala pamtunda kale. Wosabwera popanda chifukwa, gawo lake la ulendo wotsatira lidulidwe. Lamulo limenelo liyambire pa ine.

Ndikupemphanso kope lachiwiri, losiyana ndi la ndalama. Lizikhala ndi woyendetsa. Azilemba tsiku, maola amene injini yagwira, malita amene athira, ndi chilichonse chachilendo chimene wamva kapena kuona. Popanda kulemba sitingadziwe kuti maola 100 akwana liti. Ndipo petulo akayamba kutha msanga kuposa kale, kope lidzatiuza injini isanatiuze yokha pakati pa nyanja. Kopeli lidzathetsanso tina timene sinditchula pano, ta petulo amene amasowa usiku chigubu chili chotseka.

Pa makaniko, tisamathamangire aliyense amene wagwira sipanala. Tisankhe mmodzi wodalirika, ndipo akamatsegula injini awiri a ife azikhala pomwepo kuonerera, zochotsedwa azitibwezera. Kusintha pulagi, oyilo wa magiya ndi impela ndaphunzira ine wopha injini, ndiye palibe angalephere. Ku Mpwepwe ku Mangochi kuli sukulu ya zausodzi. Komiti ikafunse kudzera ku ofesi ya zausodzi ya boma lino ngati pangapezeke mwayi woti awiri mwa ife akaphunzireko, ndipo mmodzi akhale mtsikana. Sindikuona chifukwa choti sipanala izikhala ya anyamata okha.

Ndafika pa pempho langa lalikulu, limene ndikudziwa kuti lipweteka. Panopa tikagulitsa nsomba timachotsa ya petulo, yotsalayo timagawana yonse mpaka tambala yomaliza. Aliyense amene wagwira ntchito amalandira, kupatula mmodzi. Amene watinyamula usiku wonse, wamenyedwa ndi mafunde, wakhwekhwerezedwa pamchenga, iyeyo salandira kanthu. Ndikupempha kuti boti nalo lizidya nawo. Pa K10,000 iliyonse yotsala tikachotsa petulo, K2,000 izipita ku thumba la boti tisanagawane. Tsiku labwino, tsiku loipa, chimodzimodzi. Ndalamayo isungidwe monga amachitira amayi athu ku banki mkhonde, bokosi limodzi makiyi atatu kwa anthu atatu, ndipo isabwerekedwe pa china chilichonse, kaya ndi mpira, kaya ndi phwando la Khirisimasi. Malipoti ake aziwerengedwa pa msonkhano uliwonse.

Ndikudziwa kuti ena muli ndi ana, ena mukulipirira azing'ono anu sukulu, ena mukusunga ya feteleza. Kuchotsa ziwiri pa khumi si nthabwala. Koma kumbukirani masabata asanu ndi awiri aja. Tinalandira zingati? Palibe. Kenako miyezi itatu yotsatira tinkagwirira ntchito mwini katapila. Ndalama ya boti tidzalipira ndithu, tifune tisafune. Chimene tikusankha lero n'chakuti tizilipira pang'onopang'ono tili pamtendere, kapena tidzalipire kamodzi n'chiwongoladzanja tili m'misozi.

Kwa anzanga ofuna kugulitsa, ndikupempha chaka chimodzi chokha. Tiyese thumba la boti, tsiku la boti ndi kope la injini kwa miyezi 12. Ikatha tidzakhale pansi pa mtengo womwe uno, a msungichuma adzawerenge. Ngati zidzakhale chimodzimodzi, ndidzakhala woyamba kukweza mkono, ndipo wogula ndidzakamufuna ndine. Ngakhale pamenepo simudzaluza, chifukwa boti losamalidwa ndi injini yokhala ndi kope lake zimagulidwa bwino kuposa zimene tili nazo lero. Koma tikagulitsa panopa, ndalamayo tikagawana anthu tonsefe sikwana njinga yamoto aliyense, ndipo pofika Khirisimasi ambiri tidzakhala tikupempha ganyu m'maboti a eni, pa doko lomwe lino.

A Wapampando, ndatenga nthawi yaitali, pepani. Botolo la muyezo lija ndabwera nalo, lili apa, aliyense aligwire aone mzere wake. Mwezi uwala sabata yamawa. Ine Lachitatu m'mawa ndidzakhala padoko ndi mpeni ndi sipanala, ndipo pulopela ndidzayamba kuchotsa 7 koloko. Ofuna kuona mmene amachotsera mudzandipeze.

Zikomo kwambiri.

Msonkhano unagwirizana kuti voti ya thumba la boti ichitike pa msonkhano wotsatira, kuti amene sanabwere apeze mpata wowerenga ndi kuganiza. Tsiku la boti lavomerezedwa kale. Lachitatu bwerani ndi ndowa, masaka akale ndi singano zosokera ukonde amene muli nazo.